Kupita ku phwando la pachaka la techno ndi anzanu: mafunso ndi mayankho

Munthu amene sanapiteko ku phwando la techno amafunsa za nyimbo ndi zovala. Amene anapitako kangapo funso lake limakhala lina: tikasowana, tikumana pati? Pano tayankha onse awiri, koma tatalikitsa pa zimene anthu oyendera limodzi ayenera kupangana asanalowe pachipata, chifukwa mukakhala mkati simumvananso.

Kodi techno ndi nyimbo zotani kwenikweni?

Ndi nyimbo zovinira zopangidwa ndi makina. Tsinde lake ndi ng'oma yaikulu yogunda mofanana osaphonya, du du du du, kawirikawiri ka 125 mpaka ka 140 pa mphindi, ngakhale masiku ano alipo ma DJ othamangitsa kupyola ka 150. Pamwamba pa ng'omayo pamasanjikana timawu tina: aka kalowa, ako katuluka, kena kakusintha pang'onopang'ono mpaka osakazindikiranso. Woimba ndi pakamwa nthawi zambiri palibe, ndipo akakhalapo amangobwereza mawu awiri kapena atatu.

Zinabadwira mumzinda wa Detroit ku America chapakati pa zaka za m'ma 1980, pa nthawi imene ntchito za m'mafakitale a galimoto kumeneko zinkachepa. Anyamata atatu achikuda amene ankaphunzira limodzi m'tauni ya Belleville, Juan Atkins, Derrick May ndi Kevin Saunderson, ndiwo amatchulidwa kuti anaziyambitsa. Zida zimene zinapereka kamvekedwe kake ndi makina a ng'oma a kampani ya Roland, makamaka TR-808 ndi TR-909. Kenako nyimbozi zinawolokera ku Ulaya n'kukakhazikika ku Berlin. Khoma logawa mzindawo litagwa mu November 1989, kum'mawa kwake kunatsala nyumba zambiri zopanda eni, ndipo achinyamata a mbali zonse ziwiri anazisandutsa malo ovinirako. Kalabu ya Tresor inatsegulidwa mu 1991 m'chipinda cha pansi chosungiramo chuma cha sitolo ina yakale. Mu March 2024 dziko la Germany linaika techno ya ku Berlin pa mndandanda wa chikhalidwe chake choyenera kusungidwa.

Ndikamvetsera pa foni zimangomveka ngati nyimbo imodzi yosatha. Vuto ndi ine?

Ayi. Kasipika ka foni sikatulutsa besi, mawu otsika ogunda mwamphamvu aja, pomwe mphamvu ya nyimbozi ili pamenepo. Pamalo a phwando besi imamveka m'chifuwa ndi m'mapazi isanafike m'makutu.

Chinanso, DJ sathetsa nyimbo ina kuti ayambe ina. Amazilumikiza pa liwiro limodzi kotero kuti simudziwa pamene yoyamba yathera, ndipo amatero kwa maola awiri, atatu, ena kuposa apo. Luso lake lili pa kudikiritsa anthu. Mwadzidzidzi amachotsa ng'oma ija, n'kutsala kamawu kamodzi kokwera pang'onopang'ono. Anthu amakweza manja, ena likhweru, ena akufuula, miyendo ikungopondaponda pamalo amodzi. Ng'oma ija ikabwerera, pansi pamanjenjemera. Zimenezi simungazimve m'masekondi 30 a pa intaneti, choncho musaziweruze musanaimepo theka la ola.

Ndi maphwando ati a pachaka amene ali odziwika?

Ku Detroit komweko kuli Movement, yochitika kumapeto kwa May pabwalo la Hart Plaza m'mbali mwa mtsinje. Inayamba m'chaka cha 2000 ndi dzina lakuti Detroit Electronic Music Festival. Ku Zürich m'dziko la Switzerland kuli Street Parade, imene inayamba mu 1992: mu August malole onyamula masipika amayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa nyanja, chinamtindi cha anthu chikuvina pambali pake, ndipo salipiritsa. Ku Germany kuli Time Warp, imene inayamba mu 1994 ndipo imachitikira ku Mannheim usiku wonse mpaka dzuwa kukwera, komanso Mayday ya ku Dortmund usiku wa pa 30 April. Awakenings ya ku Netherlands inayambira ku Amsterdam mu 1997, m'chithanki chakale chosungiramo gasi.

Dzina la phwando lisakutengeni mtima. Funsani kuti ndi lotani: lapanja masana, lam'nyumba usiku, kapena la masiku angapo logona m'matenti. Ngati pagulu panu pali woyamba kumene, yambani ndi la tsiku limodzi.

Matikiti tigule liti? Nanga tingagule kwa munthu wamba?

Maphwando akuluakulu amatulutsa matikiti m'magawo, miyezi ingapo tsiku lisanafike, ndipo oyamba ndiwo amakhala otsika mtengo. Ngati mmodzi akugulira onse, aliyense apereke kaye ndalama yake. Mawu akuti "ingogula ndikubwezera" aphetsa maubwenzi ambiri kuposa mowa. Onaninso ngati tikiti imalembedwa dzina, chifukwa pamenepo pachipata adzafuna chiphaso chogwirizana ndi dzinalo, ndipo maphwando ambiri salola munthu wosakwana zaka 18.

Za kugula kwa munthu amene simukumudziwa: chithunzi cha tikiti imodzi chingagulitsidwe kwa anthu khumi, ndipo makina a pachipata amalola woyamba yekha. Otsalawo amabwerera ndi chithunzi chawo. Ngati matikiti atha, dzerani njira yogulitsirana imene okonza phwandolo aivomereza okha.

Tipite anthu angati?

Anayi mpaka asanu ndi mmodzi. Gulu la anthu 12 usiku wonse umathera pa kudikirana: uyu ali pamzere wa kuchimbudzi, akamatuluka wina wapita kukagula madzi. Mukachuluka, gawanani awiriawiri kapena atatuatatu, aliyense adziwe amene akumuyang'anira.

Tipangane chiyani tisananyamuke?

Choyamba ndi malo okumanirana. Akhale amodzi okha, osasuntha, ooneka patali. "Pafupi ndi siteji" si malo, pamenepo pali anthu zikwi. "Pa bala" si malonso, mabala alipo ambiri ndipo usiku onse amafanana. Nenani kuti pakona ya kumanja ya tenti ya achipatala, kapena pansi pa chikwangwani chakutichakuti. Mukangolowa, musanapite kwina kulikonse, pitani nonse mukaime pamenepo, aliyense aone ndi maso ake mutu ukadali bwino. Malo amene munthu wangouzidwa pakamwa sawapeza nthawi ya 3 koloko usiku.

Kenako nthawi. Panganani kuti muzikumana pamenepo maola awiri aliwonse, kapena DJ wakutiwakuti akamaliza, ndipo wochedwa adikiridwe mphindi 15. Akaphonya kawiri motsatizana osatumiza uthenga, musati "ali bwino ameneyo". Yambani kumufunafuna, ndipo poyambira pake ndi kwa achipatala.

Nkhani imene anthu amaizemba ndi ya nthawi yotuluka. Pagulu lililonse pamakhala wina amene mphamvu zimamuthera msanga ndi wina amene sachoka mpaka azimitse masipika. Zimenezi zikambidwe masana, anthu ali ndi nzeru zawo, osati usiku pakati pa phokoso wina atakwiya kale. Wofuna kutuluka msanga atuluke, si mlandu, koma atuluke ndi mnzake kapena aperekezedwe mpaka atakwera galimoto. Lamulo limene silikambirana ndi ili: palibe wochoka osauza munthu, ndipo palibe wosiyidwa chifukwa choti "wapeza anzake atsopano" inu musanamuone ndi kulankhula naye.

Amene ali ndi mphumu, shuga kapena khunyu auze munthu mmodzi pagululo, n'kumuonetsa thumba limene muli mankhwala. Magetsi othwanimathwanima a m'malo amenewa amatha kuyambitsa kugwa kwa ena mwa odwala khunyu, choncho amene akudziwa kuti kuwala kumamuvuta afunse dokotala wake asanagule tikiti.

Pomaliza, khalani ndi chizindikiro cha manja chotanthauza kuti "ndichotseni pano". Chimathandiza kwambiri munthu wina akamakukakamirani kapena kukugwiragwirani. Mnzanu akachiona safunsa mafunso. Amangobwera n'kuima pakati, kenako mukauze achitetezo.

Zonsezi n'zachiyani pomwe aliyense ali ndi foni?

Anthu zikwizikwi akasonkhana pamalo amodzi, netiweki imadzaza. Uthenga umene mwatumiza pano ungafike patapita ola, ndipo mnzanu akawerenga kuti "ndili pano" adzapita pamalo amene munachokapo kalekale. Ndiye lembani nthawi mu uthengamo: "1:40, ndili pa tenti ya achipatala, ndichoka 2:00." Kuimba foni musataye nako nthawi, simumvana.

Batire nalo limatha msanga foni ikamasakasaka netiweki. Tengani chochajira choyenda nacho, sungani tikiti m'foni momwemo kuti itseguke popanda intaneti, ndipo lembani papepala nambala ya mnzanu mmodzi ndi adiresi ya kumene mukugona. Foniyo ikhale m'thumba la kutsogolo lokhala ndi zipi, chifukwa akuba nawonso amagula matikiti.

Wina akufuna siteji iyi, wina iyo. Tizikakamirana limodzi?

Ayi, ndipo n'chifukwa chake munapangana malo okumanirana. Kupita limodzi sikutanthauza kumatirirana. Amene wabwera kudzamva DJ wake asamuphonye chifukwa anzake akufuna kukhala pansi, ndipo wotopa asakokedwe kupita kutsogolo. Gawikanani awiriawiri, mukumane pa nthawi ija.

Koma inunso musakhale wothamangira siteji iliyonse. Maphwando akuluakulu amaika ma DJ otchuka pa nthawi imodzi m'masiteji osiyana, ndipo woyesa kuona onse amathera usiku m'njira, akupanikizana ndi anthu. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Sankhani awiri kapena atatu amene simungalole kuwaphonya, nthawi yotsalayo imani pamene mwapeza kuti pakukoma.

Zotsekera m'makutu n'zofunikadi? Sizichotsa kukoma kwa nyimbo?

N'zofunika kuposa chilichonse chimene munganyamule. Phokoso amaliyeza m'madesibelo. Bungwe la NIOSH la ku America, loona za chitetezo cha anthu pantchito, limati malire a munthu pa tsiku ndi madesibelo 85 kwa maola 8, ndipo mukawonjezera madesibelo atatu okha nthawiyo imadulidwa pakati. Ndiye pa 88 ndi maola 4, pa 94 ndi ola limodzi, pa 100 ndi mphindi 15. Mu 2022 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo akuti malo a zoimbaimba asamapyole madesibelo 100. Apa zikuonekeratu kuti ngakhale pamalo otsatira malangizowo, gawo lanu la tsiku lonse limatha DJ asanafike patali, pomwe inu mukhalapo maola 8 kapena 10.

Mkati mwa khutu muli timaselo tokhala ndi titsitsi timene timamva kunjenjemera kwa mawu. Tikafa sitimeranso. Kulira kwa m'makutu kuja mukatuluka, kwakuti ngwii, ndi kumva ngati m'makutu mwalowa thonje, ndi chizindikiro choti tapwetekeka. Nthawi zambiri kumatha pakapita tsiku limodzi kapena awiri, koma alipo anthu amene kulirako kunawakhalira moyo wonse, ndipo ena mwa iwo ndi ma DJ omwewo.

Zotsekera zasiponji zotsika mtengo zimagwira ntchito, ngati mwazilowetsa bwino. Ambiri amangoziika pakhomo pa khutu zitatuluka theka, zomwe sizithandiza kanthu. Kapotokoleni ndi zala mpaka kawonde, kokani khutu m'mwamba ndi dzanja la mbali inayo, kalowetseni, n'kukagwira ndi chala masekondi 30 kuti kafufume. Vuto lake n'lakuti zimaphimba mawu ang'onoang'ono. Zilipo zina za oimba, zokhala ndi kasefa mkati, zimene zimatsitsa phokoso lonse mofanana; ndi zimenezo nyimbo imamveka bwino kuposa ndi khutu losatseka, ndipo mnzanu akamalankhula mumamumva. Besi simuiphonya, imabwera kudzera m'thupi. Musaime moyang'anizana ndi sipika, ndipo ola lililonse tulukani mphindi zingapo kumalo opanda phokoso. Kawirikawiri mawu amamveka bwino chapakati, pafupi ndi pamene amakhala oyendetsa masipika, osati kutsogolo kwenikweni.

Tivale chiyani?

Nsapato zotseka zimene mwaziyendera kale, osati zatsopano. Zovala zopepuka, ndi chofunda chimodzi cha potuluka thupi litanyowa ndi thukuta. Anthu ambiri a techno amakonda zakuda, koma pa phwando la matikiti palibe amene adzakubwezeni chifukwa cha mtundu wa malaya. Werengani malamulo a kukula kwa chikwama chololedwa.

Madzi timwe ochuluka bwanji?

Mukamavina, pafupifupi theka la lita pa ola, pang'onopang'ono. Mukakhala pansi, ochepera apo. Anthu ambiri amadziwa kuopsa kwa kusamwa madzi, koma sadziwa kuti kumwa mopyola muyeso kumaphanso: mchere wa m'magazi umasungunuka n'kuchepa, ubongo n'kutupa. Choncho si nzeru kukakamiza mnzanu wodwala kumwa mabotolo motsatizana. Idyani chakudya chokwanira musanalowe, ndipo pakati pa usiku mudyenso kanthu kamchere.

Nanga mowa ndi mankhwala ozunguza bongo?

Kunena kuti kumalo amenewa kulibe mankhwala kungakhale kukunamizani. Alipo, ndi oletsedwa ndi malamulo m'mayiko ambiri, ndipo pachipata amasecha. Chimene chimawapangitsa kukhala oopsa kwambiri n'chakuti wogula sadziwa zimene zili m'piritsi kapena mu ufawo, ngakhale mphamvu yake. Mankhwala otchedwa MDMA amakweza kutentha kwa thupi ndiponso amalepheretsa thupi kutulutsa madzi, ndiye pamalo otentha, munthu akuvina osapuma, ngozi imabwera mbali zonse ziwiri. Ena otchedwa GHB akasakanizidwa ndi mowa amatha kuimitsa kupuma.

Simusowa chilichonse mwa zimenezi kuti musangalale, ndipo ovina mpaka m'mawa ndi madzi okha ndi ambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Pagulu labwino palibe wokakamiza mnzake "kungolawa". Ngati mukumwa mowa, muzisinthanitsa ndi madzi. Chakumwa chanu chisachoke m'manja mwanu, ndipo chochokera kwa munthu wosamudziwa muchikane. Mnzanu akaledzera mwadzidzidzi mosagwirizana ndi zimene wamwa, ganizirani kuti mwina wathiridwa kanthu, n'kupita naye kwa achipatala.

Mnzathu wayamba kudzandira kapena wakomoka. Titani?

Mmodzi atsale naye, wina athamangire wachitetezo kapena wachipatala amene ali pafupi. Zizindikiro zosafunika kudikira ndi izi: kulankhula zosamveka, khungu lotentha kwambiri, mutu waukulu limodzi ndi kusanza, kunjenjemera thupi lonse, kapena kusadzuka mukamugwedeza. Mchotseni pagulu, mupite naye pozizira, mumasuleni zovala zothina.

Ngati wakomoka koma akupuma, mgonekeni chammbali, bondo lapamwamba litapinda, mutu utapendekera kumbuyo pang'ono, kukamwa kutaloza pansi kuti akasanza asatsamwe. Musamumwetse kanthu. Ngati sakupuma, mgonekeni chagada n'kuyamba kukanikiza pakati pa chifuwa mwamphamvu, ka 100 mpaka ka 120 pa mphindi, mpaka thandizo lifike.

Ndipo achipatala muwauze zoona: wamwa chiyani, zochuluka bwanji, nthawi yanji. Ntchito yawo ndi kupulumutsa moyo. Choipa kwambiri chimene anzake a munthu amachita ndi kumubisa m'tenti kapena m'galimoto kuti "agone zimuthere" poopa milandu.

Anthu akapanikizana kwambiri, kodi pamakhaladi ngozi?

Inde, ndipo mbiri ya techno ili ndi bala lake pankhaniyi. Phwando la Love Parade linayamba ku Berlin mu July 1989 ndi anthu pafupifupi 150, n'kukula mpaka kupyola miliyoni. Pa 24 July 2010 linachitikira ku Duisburg m'dziko la Germany, pamalo a siteshoni yakale ya sitima za katundu. Anthu ankalowera m'ngalande ya pansi pa njanji n'kukwera kamtunda kamodzi, komwe kanalinso njira yotulukira. Olowa ndi otuluka anakumana pamenepo. Anthu 21 anafa, oposa 500 anavulala, ndipo phwandolo silinachitikenso. Anafa chifukwa chopanikizika pachifuwa mpaka kulephera kupuma.

Ngozi yotere imayamba mwakachetechete. Mukaona kuti anthu akukukhudzani mbali zonse, simungathe kukweza dzanja kufika kumaso, kapena gulu likukuyendetsani inu osafuna, chokanipo nthawi yomweyo. Ngati mwatsekeredwa kale, ikani manja patsogolo pa chifuwa ngati wankhonya kuti mapapo apeze mpata. Musalimbane ndi gulu. Yendani nalo uku mukupendekera chakumbali mpaka mutafika kumphepete. Foni ikagwa isiyeni. Wina akagwa, mdzutseni msanga. Musagwirane manja anthu asanu mondondozana, chifukwa mmodzi akagwa amakoka onse. Mukasowana mudzakumana pamalo aja. Mukangolowa, yang'anani zipata zina zotulukira, chifukwa pakachitika kanthu aliyense amathamangira chimene analowera.

Sindidziwa kuvina. Andiseka?

Techno ilibe masitepe oti muphunzire. Ambiri amayang'ana kutsogolo kapena amatsinzina, ndipo palibe amene ali ndi nthawi yoyang'ana miyendo yanu. Chokhacho, siyirani ena mpata, ndipo nkhani zazitali mukakambire kunja kwa bwalo.

Tingajambule?

Zimatengera malo. Makalabu ena, makamaka a ku Berlin, amamata kapepala pa kamera ya foni pakhomo, ndipo wojambula amatulutsidwa. Maphwando apanja ambiri amalola. Ngakhale pololedwa, musajambule nkhope ya munthu wosamudziwa, ndipo mnzanu amene waledzera musamuike pa intaneti. Jambulani chithunzi chimodzi cha gulu lonse mukangolowa: wina akasowa, mudzakhala ndi choonetsa achitetezo, zovala zake za tsikulo zikuoneka.

Tibwerera bwanji?

Funso ili liyankhidwe musanagule n'komwe matikiti. Phwando likatha anthu onse amatuluka nthawi imodzi, magalimoto olipira amasowa ndipo mitengo imakwera. Dziwani nthawi ya basi kapena sitima yomaliza ndi yoyamba ya m'mawa, ndipo ndalama ya ulendowo ikhale m'thumba lina, losakhudzidwa ku bala.

Ngati mwabwera pa galimoto yanu, woyendetsa asamwe ngakhale pang'ono, koma zimenezo zokha sizikwanira. Munthu amene wakhala maso maola 17 amayendetsa mofanana ndi amene wamwako mowa, ndipo wovina usiku wonse amakhala atapyola pamenepo kalekale. Khofi sachotsa mowa m'magazi, ndipo tulo amangotichedwetsa pang'ono. Ndiye woyendetsa agone masana asanapite ku phwando, kapena mupeze pogona pafupi n'kunyamuka mutadzuka. Wokhala naye kutsogolo asagone, ndipo aliyense akafika kwawo atumize uthenga pagulu kuti wafika.